Chama Pakati pa Njanji Ziwiri

Mlimi wa mpunga wa ku Chama akafuna kuona sitima ya pamtunda ali ndi njira ziwiri, ndipo zonse n'zazitali. Akhoza kulowera kumadzulo, kuwoloka Luangwa, kukwera mapiri a Muchinga, kukatulukira pa Matumbo pamsewu waukulu wa ku Nakonde, kenako n'kukapeza njanji ya TAZARA ku Mpika. Apo ayi alowere kumwera, adutse Lundazi mpaka ku Chipata, mtunda wa makilomita oposa 300, kumene inathera njanji yochokera ku Malawi. Njanji ziwirizi sizikumana. Pakati pake pagona chigwa cha Luangwa, ndipo kumtunda kwa chigwacho n'kumene kuli boma la Chama, dera la masikweya kilomita oposa 17,000 lomwe pa kalembera wa 2010 linali ndi anthu opitirira pang'ono 100,000.

Kwa zaka zambiri maboma akhala akulonjeza kulumikiza njanji ziwirizi. Mizere yajambulidwa pa mapu, mapangano asainidwa, atsogoleri agwirana chanza pamaso pa atolankhani. Koma thumba la mpunga wonunkhira wa ku Chama limachokabe kudambo pa njinga n'kukakwera lole, yomwe imatha kugona panjira masiku angapo mvula ikakula. Akatswiri odziwa kuboola mapiri alipo, ndipo anaonetsa kale luso lawo m'dziko lomweli. Chimene mbiri ikuonetsa n'chakuti ku Zambia njanji imayalidwa kumene kuli katundu wolemera ndi munthu wofuna kulipira, ndipo imachita dzimbiri paliponse pamene eni ake anakonzekera tsiku lotsegulira lokha, osakonzekera zaka zoiyendetsa.

Nthawi ya katundu wa pamutu

Asenga a m'boma la Chama, a kwa Kambombo, Tembwe, Chikwa ndi Chibale, ankadziwa za kunja kalekale azungu asanafike. M'zaka za m'ma 1800 chigwa chawo chinali njira ya malonda. Abisa ankadutsamo ndi minyanga ya njovu, ndipo pambuyo pake kunabwera Aswahili ochokera kugombe atasenza nsalu, mikanda ndi mfuti, n'kumabwerera ndi minyanga komanso anthu ogwidwa ukapolo. Asengawo ankalima fodya ndi thonje, n'kumaomba nsalu zawozawo. Zonsezi zinkayenda pamutu. Ng'ombe sizikanakoka ngolo m'chigwamo chifukwa cha kashembe, ntchentche yomwe imapha ziweto ndi kupatsa anthu matenda a kaodzera.

Atsamunda a British South Africa Company atalanda dzikolo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, anapitiriza mayendedwe omwewo. Makalata a boma, mchere, nsalu, ngakhale mzungu wa boma ali gone m'machila, zonse zinali pamapewa ndi pamitu pa amtengatenga. Likulu la chigawo chawo, North-Eastern Rhodesia, linali Fort Jameson, Chipata wa lero.

Njanji inalowera kwina, kutali ndi kumeneko. Inafika pa Victoria Falls mu 1904, mlatho wa pa Zambezi unatha mu 1905, mu 1906 sitima inali italowa ku Broken Hill, Kabwe wa lero, ndipo mu 1909 inagunda malire a Congo. Amene anaika ndalama zawo pa ntchitoyi ankafuna mtovu ndi zinki wa ku Broken Hill, mkuwa wa ku Katanga, ndi msika wa malasha a ku Wankie. Mizinda inamera m'mbali mwa njanjiyo. Lusaka inayamba mu 1905 ngati kamalo kopatukirana sitima, ndipo pofika 1935 inali likulu la dziko. Fort Jameson, yopanda njanji, inataya ulemerero wake mu 1911 pamene zigawo ziwiri za dzikolo zinaphatikizidwa, likulu n'kukhala ku Livingstone. Azungu olima fodya kumeneko ankadalira Nyasaland potumiza mabelo awo kunja, chifukwa njanji ya kumeneko inafika ku Blantyre mu 1908 ndi ku Salima mu 1935.

Kwa amuna a kumtunda kwa Luangwa, sitima inali chinthu chokachipeza pambuyo pa masabata oyenda pansi. Msonkho wa nyumba unkafuna ndalama, ndipo ndalama zinali kumigodi ya ku Southern Rhodesia, ku Copperbelt, ndi ku golide wa ku Lupa m'dziko la Tanganyika m'zaka za m'ma 1930. Mphamvu za anyamata a m'chigwa zinathandiza kudzaza mabogi a njanji imene sinadutse kwawo. Ena anabwerako ndi njinga, bulangete ndi makina osokera. Ena anasanduka matchona.

Njanji ya ufulu idutsa kuseri kwa mapiri

Zambia italandira ufulu mu 1964, pafupifupi mkuwa wake wonse unkatulukira kumwera, m'maiko olamulidwa ndi azungu. Pa 11 Novembala 1965 Ian Smith analengeza kuti Rhodesia yadzipatula ku Britain, ndipo Kenneth Kaunda anaona kuti khosi la dziko lake lili m'manja mwa adani. Iye ndi Julius Nyerere anafuna njanji yopita ku Dar es Salaam. World Bank ndi maiko a azungu anati ntchitoyo singabweze ndalama. China inavomera. Pangano linasainidwa ku Beijing mu 1967, ntchito inayamba mu 1970, ndipo mu 1975 makilomita 1,860 anali atayalidwa kuchoka ku Dar es Salaam kufika ku Kapiri Mposhi, ndi ngongole yopanda chiwongoladzanja ya mayuwani 988 miliyoni.

Inali ntchito yoti munthu aitamande. Anthu zikwizikwi a ku China, Tanzania ndi Zambia anaboola mapiri ndi kumanga milatho mazanamazana m'zaka zisanu zokha. Mpika inasanduka tauni ya anthu a njanji, yokhala ndi malo okonzera mainjini ndi sukulu yophunzitsa antchito. Ku Chama sitima inali itayandikira kuposa kale lonse, koma inadutsa pamwamba pa mapiri a Muchinga, tsidya lina la Luangwa, kopanda mlatho ndi msewu wodalirika wokafikako.

TAZARA yomweyo inaonetsa msanga kuti kumanga n'kosiyana ndi kusamala. Pa zaka zake zabwino inkanyamula matani oposa 1 miliyoni pachaka. Njira za kumwera zitatsegukanso, malole atachuluka, mainjini atakalamba opanda ndalama zogulira ena, katundu anatsika mpaka matani 88,000 okha m'chaka cha 2014/15. Antchito ankatha miyezi osalandira malipiro.

Zaka 28 pa kamtunda kochepa

Kum'mawa nkhani inali ina. Dziko la Malawi, pansi pa Kamuzu Banda, linalumikiza njanji yake ndi ya ku Nacala mu 1970. Kenako, ndi thandizo la Canada, linaitalikitsa kuchoka ku Salima kufika ku Lilongwe mu 1979, n'kupitirira mpaka ku Mchinji. Panatsala makilomita pafupifupi 30 okha kuti ifike ku Chipata, ndipo mu 1982 maiko awiriwa anayamba ntchito yomaliza kachigawo kameneka. Nacala ndi doko lakuya mwachilengedwe, ndipo kwa mlimi wa kum'mawa kwa Zambia ndi lapafupi kuposa Dar es Salaam kapena Durban.

Ntchitoyo inaima. Mtengo wa mkuwa unali utagwa kuyambira 1975, mafuta atakwera, ngongole zitaunjikana, ndipo boma la Zambia linkavutika kugula ngakhale mankhwala ndi zida za makina. Ku Mozambique nkhondo ya Renamo ndi Frelimo inatseka njanji ya ku Nacala chapakati pa zaka za m'ma 1980, moti ngakhale Chipata ikanalumikizidwa, sitima ikanasowa kolowera. Mtumbira wa dothi umene unakonzedwa kuti panyamule njanji unamera udzu. Ana obadwa chaka chimene ntchito inayamba anakula, kukwatira ndi kubereka, sitima asanaione.

Boma la Levy Mwanawasa linadzutsa ntchitoyi mu 2006, ndi ndalama pafupifupi madola 10 miliyoni a ku America. Mu Ogasiti 2010, Rupiah Banda, mwana wa kum'mawa komweko, ndi Bingu wa Mutharika wa ku Malawi anatsegulira njanjiyo ku Chipata. Zinali zitatha zaka 28.

Chikondwerero chitatha, siteshoni inakhala zii. Panalibe malo oyenera osungira ndi kupakirira katundu, panalibe mainjini ndi mabogi oikidwiratu ntchito imeneyi, ndipo mbali ya ku Malawi, yomwe kuyambira 1999 inali m'manja mwa kampani ya Central East African Railways, inali yotopa ndi yokokoloka pena ndi pena. Sitima za katundu zinayamba kuyenda mu 2014, ndipo kuyambira pamenepo zakhala zikuyenda mwa apo ndi apo. Thonje la ku Lundazi ndi Chama, fodya, chimanga, mtedza ndi feteleza zinapitiriza kukwera malole.

Phunziro la ku makomboni a Lusaka

Wina akhoza kunena kuti vuto la kum'mawa ndi kuchepa kwa anthu. Lusaka ikutsutsa zimenezo. Ana ambiri a ku Chama, Lundazi, Katete ndi Petauke akhala akusamukira kumeneko, mpaka Chinyanja chinakhala chilankhulo cha m'misika ndi m'mabasi. Makomboni monga George, Kanyama, Chawama ndi Mandevu anakula mofulumira kuposa misewu yake. Kalembera wa 2010 anapeza anthu 1.7 miliyoni mumzindawo, ndipo wa 2022 anapeza 2.2 miliyoni.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 mzindawu unali ndi sitima yakeyake ya anthu opita ku ntchito, yotchedwa Njanji Commuter. Inkachoka ku Chilenje, kudutsa pakati pa mzinda, kukafika ku George kufupi ndi Matero, mtunda wosafika makilomita 20. Ogwira ntchito, ana a sukulu ndi amayi a malonda ankaikonda chifukwa inali yotsika mtengo. Okwera analipo, ndipo akanangochulukirabe chaka ndi chaka. Koma inabadwa pa nthawi imene makampani a boma ankagulitsidwa kapena kutsekedwa. Kampani ya mabasi a boma, UBZ, inathetsedwa chapakati pa zaka zomwezo, boma la Frederick Chiluba linachotsa msonkho pa mabasi olowa m'dziko, ndipo maminibasi anadzaza misewu. Zaka khumi zisanakwane, Njanji Commuter inali itaima.

Zimene zinatsatira n'zomvetsa chisoni kuposa kuimako. Zitsulo zinazulidwa, anthu anamanga nyumba, mashopu ndi misika pamalo amene sitima inkadutsa. Malo a njanji pakati pa mzinda ndi chuma chovuta kuchipezanso, chifukwa wofuna kuitsitsimutsa lero ayenera kuyamba walipira ndi kusamutsa anthu. Ndalama zazikulu zochepetsera kuthithikana mu Lusaka zinadzapita ku misewu, monga ntchito ya madola 289 miliyoni, yambiri mwa iyo ngongole ya ku India, imene inamanga milatho ya pamwamba ku Makeni, Arcades, Munali ndi Longacres. Munthu wa ku George akudzukabe m'bandakucha kukalimbirana mpando mu minibasi.

Zaka za ngongole

Mu 2003 boma linapereka njanji yaikulu ya dziko kwa kampani ya Railway Systems of Zambia kuti iziyendetsa. Mu Seputembala 2012 boma la Michael Sata linathetsa panganolo ponena kuti njanji yawonongeka m'manja mwa kampaniyo. Mwezi womwewo Zambia inakongola madola 750 miliyoni pamsika wa ndalama wa kunja, ngongole yotchedwa Eurobond, ndipo madola 120 miliyoni anapita ku Zambia Railways. Mu 2014 inakongolanso madola 1 biliyoni, mu 2015 madola 1.25 biliyoni. Zinkaoneka ngati nthawi yomanga zonse zimene zinalephereka yafika.

Mu 2016 boma la Edgar Lungu linasainirana pangano ndi China Civil Engineering Construction Corporation, kampani yomwe mizu yake ili mu nthambi ya boma la China imene inamanga TAZARA. Panganolo linali lomanga njanji ya makilomita 388 kuchoka ku Chipata, kudutsa Petauke, kukalumikiza TAZARA pa Serenje, pa mtengo wa madola 2.26 biliyoni. Tikagawa, kilomita iliyonse ikanadya madola pafupifupi 5.8 miliyoni. Kumanga kilomita ziwiri zokha za njanji imeneyi kukanaposa ndalama zonse zimene zinamalizira ya Chipata ndi Mchinji.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Eurobond sinali ngati ngongole ya TAZARA. Inali ndi chiwongoladzanja cha pamsika, cholipira m'madola, pomwe kwacha inkagwa. Mu Novembala 2020 Zambia inalephera kulipira madola 42.5 miliyoni a chiwongoladzanja, n'kukhala dziko loyamba mu Africa kulephera kubweza ngongole pa nthawi ya mliri wa Covid-19. Ntchito zambiri zodalira ngongole zinaimitsidwa. Njanji ya ku Serenje inatsala pa pepala.

Poyerekeza, kutsidya kwa malire kunamangidwa njanji yaikulu m'zaka zomwezo, ndipo inatha. Kampani ya ku Brazil ya Vale inamanga ndi kukonza makilomita 912 kuchoka ku Moatize m'chigawo cha Tete, kudutsa kumwera kwa Malawi, kukafika ku Nacala, chifukwa inali ndi malasha matani mamiliyoni ofunika kupita kunyanja chaka chilichonse. Katundu analipo, mwini wake ankadziwika, ndipo obwereketsa ndalama ankaona pobwezera. Mpunga, thonje ndi chimanga cha m'chigwa cha Luangwa zimakololedwa kamodzi pachaka, m'minda ing'onoing'ono yomwazikana, ndi alimi amene palibe banki ya kunja imawadziwa. Boma la Zambia linayesa kukometsa masamu a njanji mu 2018 poika lamulo loti 30 peresenti ya katundu wolemera, monga mkuwa, malasha, simenti ndi shuga, aziyenda pa sitima. Koma lamulo lotere limathandiza pokhapokha mainjini alipo ndipo njanji ili bwino.

Chimene Chama yakhala ikudikira

Ngakhale njanji ya ku Serenje ikanamangidwa, ikanadutsa kumwera kwenikweni, kutali ndi Chama. Phindu lake likanafika kwa Asenga kudzera pa msewu, ndipo mbiri ya misewu ya bomali ikufanana ndi ya njanji.

Mu 2011 Sata anakhazikitsa chigawo chatsopano cha Muchinga, likulu lake ku Chinsali, n'kuchotsa Chama m'chigawo cha kum'mawa kuiika m'menemo. Pa mapu Chinsali ndi pafupi. Pansi panali Luangwa ndi mapiri. Msewu wa Chama ndi Matumbo unalowa m'ndondomeko ya Link Zambia 8000, imene inayamba mu 2012, ndipo mlatho unamangidwa pa Luangwa. Msewu umenewu ndi umene ukanayandikitsa Chama ku TAZARA. Ndalama zitayamba kuvuta, ntchito ya misewu ya bomali inayenda pang'onopang'ono, pena n'kuimiratu. Wa ku Lundazi unakhala zaka zambiri uli wa fumbi m'chilimwe ndi wa matope m'dzinja. Mu Novembala 2021 Hakainde Hichilema anabwezera Chama kuchigawo cha kum'mawa, kumene mafumu ndi anthu ake anazolowera kupita.

Msewu woipa umadula mtengo wa mbewu pakhomo pa mlimi. Wogula akawerengera matayala, mafuta ndi masiku ogona panjira, amachotsa zonsezo pa mtengo wa thumba. Feteleza, simenti ndi malata zimafika zitakwera. Mpunga wa ku Chama uli ndi dzina m'masitolo a ku Lusaka, ndipo bungwe la COMACO, lomwe limagula mbewu kwa alimi a m'chigwa pofuna kuti asiye kupha nyama za m'tchire, laugulitsa pansi pa dzina la It's Wild! Zimenezi zikusonyeza kuti msika ulipo. Chimene chimadya phindu ndi mtunda.

Zaka zaposachedwa zabweretsa mapangano atsopano. Mu Okutobala 2023 Hichilema, Lazarus Chakwera ndi Filipe Nyusi anakumana ku Nacala n'kusainira mgwirizano wolimbikitsa njira ya malonda yodutsa m'maiko atatuwa. Mu 2025 Zambia, Tanzania ndi China anagwirizana zokonzanso TAZARA ndi madola pafupifupi 1.4 biliyoni, ndipo kampani yomwe ija ya ku China idzaiyendetsa kwa zaka 30 n'kumabweza ndalama zake kuchokera pa katundu wonyamulidwa. Kachitidwe kameneka n'kosiyana ndi ka 1970 komanso ka 2012, chifukwa woika ndalama ndi yemwenso adzasamale njanjiyo. Koma chomukoka n'chomwe chija chinakoka azungu a 1906, mkuwa wa ku Copperbelt ndi Katanga, umene tsopano ukufunidwa ndi opanga magalimoto a magetsi.

N'chifukwa chake nkhani ya Chipata ndi Serenje ikadzabweranso patebulo, aphungu a ku Chama, mafumu ndi makhansala ali ndi mafunso oyenera kufunsa asanaombe m'manja. Katundu wodzaza mabogi adzachokera kuti, ndipo ndani walonjeza kumupereka? Ngongole idzabwezedwa ndi ndani, m'ndalama yanji? Nanga zokonzera njanji m'chaka chachisanu ndi chakhumi zalembedwa pati? Pamwamba pa zonsezi, misewu ya Chama ndi Lundazi komanso Chama ndi Matumbo iyenera kulowa m'bajeti imodzi ndi njanjiyo, pamodzi ndi nyumba zosungiramo mbewu pa masiteshoni a Chipata ndi Mpika ndiponso mitengo yoti mabungwe a alimi angakwanitse kubwereka bogi. Mtengo wa makilomita ochepa chabe a njanji ya ku Serenje ungamange nyumba zosungiramo mbewuzo, ndipo misewu iwiriyo inayezedwa kale n'kupatsidwa makontirakitala m'zaka za Link Zambia 8000.